Nambala Yaikulu Tinapatsa Mayi Nankhoma

Ana anga, za ubwana wanga ndakuuzani mpaka zinakutopetsani, ndiye pano ndiyambira pamene ndinayamba kulandira malipiro. Inu mumandidziwa ngati a Tembo a makompyuta, munthu amene anthu a pa Boma ankayamba amufunsa asanagule makina. Dzinalo ndinkalikonda, sindikunamizani. Koma muyambe mwawerenga mpaka kumapeto musanalinyadire.

1993 mpaka 1995: Mavwere

Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ya fodya ku Mavwere. Ndinali kalaliki wa kusitolo, wosunga makasu, ziguduli ndi mankhwala opopera. Manijala wathu anali wa mawu ochepa ndi mkwiyo wambiri, moti akatsokomola pakhonde tonse tinkaimirira. Mu ofesi mwake munali kompyuta imodzi, ya 386, imene ankaifunditsa nsalu yoyera ngati keke ya ukwati. Inkangoima yokha, ndipo ikaima ankaitumiza ku Lilongwe komwe inkakhala masabata awiri. Tsiku lina manijala atapita kokagulitsa fodya, ndinalimba mtima n'kuitsegula. Ndinapeza fumbi la fodya litamatirira paliponse. Ndinatenga pampu ya njinga yanga, ndinapopera mpaka ndinayetsemula misozi, ndipo makinawo anadzuka. Manijala sanandithokoze, anangoyamba kunditchula kuti "iwe wa pampu", koma kuyambira pamenepo kompyuta sinapitenso ku Lilongwe. Ndi m'menemo ndinaonamo pulosesa koyamba, kachidutswa kakuda ka makona anayi. Mmisiri wina amene anadutsa pa esitetipo anandiuza kuti kameneko ndiye ubongo wa makina, ndipo nambala yake ikakula liwiro limakulanso. Phunziro limeneli ndinalimeza lonse osatafuna, ndipo linadzandipha m'tsogolo.

Alimi a m'midzi ataloledwa kulima okha fodya wa bale, matenanti anayamba kuchoka mmodzimmodzi ndipo esiteti inagwa. Anatisonkhanitsa m'shedi yosankhira fodya n'kuwerenga mayina a ochotsedwa. Langa linali lachinayi. Ndinaona mabanja a ku Mulanje ndi ku Phalombe atakhala m'mbali mwa msewu ndi akatundu awo, alibe yokwerera basi, ana akulira. Ine ndinali ndi kwathu kobwerera, komabe ndinakhala pakhomo chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Iwe Limbani unali khanda. Tinagulitsa wailesi, kenako njinga ija, kenako bedi. Mayi anu ankakapempha ganyu kwa anthu amene kale ankabwera kudzatipempha mchere. Chaka chimenecho mantha a ulova anandilowa m'mafupa ndipo sanatulukemonso. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, koma kuti mudziwe mtundu wa munthu amene anakafika pachipata.

1996: Pachipata

Ndinapeza ntchito ku kampani yolembera mapepala a malole odutsa pachipata cha Mchinji. Dzina lake sinditchula. Ofesi inali ya zipinda ziwiri, denga la malata lotentha ngati uvuni, ndipo likulu lake linali ku Lilongwe. Bwana wathu, a Mwale, anali wonenepa, wanthabwala, wabwino mtima, koma foni yochokera kulikulu ikalira ankaiyankha ataimirira ndi kumanga batani la jekete. Ntchito yeniyeni inali m'manja mwa Mayi Nankhoma, mayi wamasiye wa ku Ludzi amene anaphunzira kutaipa kumishoni ali mtsikana. Ankataipa osayang'ana zala, uku akufunsa dalaiva za katundu wake, uku akundidzudzula ine. Ndinafika ndikutaipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, ndipo iwo ndiwo anandiwongola. Ankakhala ndi lula pambali, chala chikasochera ankachigogoda. Ngakhale ndinali wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi ndi zisanu, sananditchulepo kuti iwe. Ankati a Tembo, ine ndinkati amayi. Mwezi wanga woyamba, malipiro asanabwere, nkhomaliro ndinkadya yawo.

Kusowa kwa zinthu kunali kwa tsiku ndi tsiku. Riboni ya taipi tinkaitembenuza kawiri katatu mpaka zilembo zinkaoneka ngati mzukwa. Kaboni tinkamuyanika padzuwa kuti alembenso. Zikatheratu tinkapempha madalaiva kuti akatigulire ku Chipata, chifukwa kuchokera ku Lilongwe katundu ankabwera mwini wake atamuiwala kale. Magetsi ankathima nthawi imene malole achuluka, ngati amachitira dala. Mu 1998 ntchito itakula analemba mtsikana wina, Doris Zulu, wongomaliza kumene kosi ya useketale. Anali wakhama ndi waulemu, ndipo pa zonse zimene ndikambe pano iye alibe mlandu.

1999: Makina atatu

Kulikulu anaganiza zosiya mataipi n'kuyamba makompyuta. Anali ndi pulogalamu yawo yolowetsera mafomu, imene pa mzere uliwonse inkayamba yafufuza nambala ya katunduyo m'kaundula wamkulu. Nkhani ya pampu ija inali itawafika, ndiye ananditumizira mndandanda wa makina otsika mtengo kuti ndisankhe. Mutu unakula. Munthu amene zaka zitatu m'mbuyomo anagulitsa bedi, lero mabwana akumufunsa nzeru. Pamndandandapo panali mitundu itatu. Panali Pentium II ya 266, yogwirapo kale ntchito ku kampani ina. Panali Celeron ya 300, yatsopano. Panalinso Cyrix yolembedwa 300, yotchipa kuposa zonse. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinayang'ana manambala, ndinayang'ana mitengo, n'kulemba kalata yoti Celeron ya 300 ndiyo yothamanga ndi yoyenera ntchito yathu, ndipo agule yomweyo m'maofesi onse a m'malire. Ndinasaina ndi siginecha yaikulu yokhala ndi mchira. Kulikulu anamvera, anagulira maofesi enawo. Pofika pa ife, wogulitsa makinawo anali atatsala ndi Celeron imodzi yokha, ndiye anatipatsa imodzi imodzi ya mtundu uliwonse.

Tsiku logawana makina a Mwale anagula Fanta. Panalibe chokambirana. Kwathu kuno chachikulu ndi chatsopano chimayambira kwa wamkulu, ndipo kukanakhala chipongwe kupatsa mtsikana wa dzulodzulo 300 mayi wamkulu n'kukhalira 266. Ndinanyamula Celeron ija ndi manja anga n'kuiika pa desiki ya Mayi Nankhoma. Anawomba m'manja mwaulemu ngati alandira nkhuku. Doris anapatsidwa Pentium yachikasu ndi ukalamba, anakwinya nkhope tsiku lonse. Ine ndinatenga Cyrix. Kuti madisiketi asasokonekere, ndinamata kapepala pa kompyuta iliyonse n'kulembapo dzina la mwini wake, ndipo kuyambira pamenepo makinawo anataya mayina awo enieni. Tinkangoti Nankhoma wazima, Zulu wagwidwa ndi vairasi, Tembo watentha. Tinkaseka nazo, osadziwa kanthu.

2000: Kuyerekeza

Sipanatenge nthawi kuti Mayi Nankhoma ayambe kudandaula. Ankaloza kompyuta yawo n'kumati mwana wangayu amaganiza kwambiri asanayankhe. Akamaliza mzere, pagalasi pankabwera kachithunzi ka kabotolo ka mchenga kosonyeza kuti makina sanamalize, iwo zala zili m'mwamba kudikira. Kudikira kwake kunali kwakung'ono, koma fomu imodzi inali ndi mizere yambirimbiri, ndipo tsiku likamatha mulu wa Doris unkaposa wawo. Madalaiva sachedwa kuona. Anayamba kukankhana pamzere wa Doris, ndipo wina wa ku Zambia ananena mokweza, amayi akumva, kuti: "Ba Tembo, kuli amayi uku tizagona pano futi." Ine ndinkawauza amayi kuti ndi kusazolowera chabe, makina awo ndiwo akulu. Ndinawauza choncho munthu amene anandiphunzitsa kutaipa.

Chapakati pa chaka kulikulu anafuna kugula makina ena, ndiye anandiuza kuti ndiyerekeze atatu athuwo ndi kulemba lipoti. Kwa masabata awiri ndinkawerenga mafomu amene kompyuta iliyonse yatulutsa. Zulu ankatsogola tsiku lililonse, Nankhoma m'mbuyo. Ndinayamba kukayika, chifukwa zala za amayi ndinkazidziwa. Loweruka lina ndinawapempha kuti asinthane mipando. Doris anakhala pa Celeron, amayi pa Pentium yachikasu ija. Zimene ndinaona sindidzaiwala. Amayi anataipa ngati mvula ya matalala pa malata, madalaiva mpaka anasiya macheza n'kumasuzumira pawindo. Isanakwane 12 koloko anali atamaliza mulu wawo n'kutengako wa Doris. Doris uko anali atagwira tsaya, kuyang'ana kabotolo ka mchenga. Amayi sanadzitame, anangopukuta magalasi awo n'kunena kuti zala zawo zakhala m'ndende chaka chonse.

Sabata yotsatira ndinakwera galimoto kupita ku Chipata kukaonana ndi mmisiri wina, a Sakala, amene tinkagulako madisiketi. Nditawafotokozera anaseka mpaka anagwira tebulo. Anandiuza kuti liwiro la pulosesa si nambala yokha ayi. Pentium II ili ndi kosungira zinthu pafupi, kamene amakatcha kashe, pamene ma Celeron oyambirira aja, a 266 ndi a 300, anatuluka opanda kashe woteroyo kuti atsike mtengo. Ma Celeron otsatira, olembedwa 300A, anali naye, koma yathu sinali imeneyo. Anandifunsa kuti pakati pa kalaliki wothamanga amene fayilo iliyonse amakaitenga kuchipinda china, ndi kalaliki woyenda pang'onopang'ono amene mafayilo ali pa desiki pake, amayamba kumaliza ndani. Pa ntchito zina kusiyanako sikuoneka kwambiri, koma pa pulogalamu yofufuza m'kaundula ngati yathu kumaonekera poyera. Za Cyrix yanga anati 300 yake inali nambala yoyerekezera chabe, mkati inkayenda pa 233, ngakhale pa ntchito za mu ofesi inkayesetsa ndithu, bola fani yake yoziziritsa isafe. Zonsezi zinali zolembedwa m'mabuku a makinawo. Wogulitsa sananame, ndine amene sindinawerenge. Ndinabwerera tsiku lomwelo.

Lipoti ndinalemba la masamba atatu. Tsamba loyamba linali la manambala a masabata awiri aja, ndipo pamwamba pa mizere ndinalemba monga tinkalankhulira mu ofesi: Nankhoma, Zulu, Tembo. Tsamba lachiwiri linkanena kuti Nankhoma ndi 300 yatsopano, Zulu ndi 266 yakale. Tsamba lachitatu linali la Loweruka lija, za kashe, ndi mawu ovomera kuti kalata yanga ya chaka chatha inali yolakwa. Ndinaliwerenga tsambalo kangapo ndili pa siteji ya minibasi, envulopu ili m'manja. Ndinaganiza za makina onse amene anagulidwa chifukwa cha siginecha yanga ya mchira ija. Ndinachotsa pini, ndinasolola tsamba lachitatu, m'munsi mwa lachiwiri n'kulembapo ndi bolopeni kuti nkhaniyi ikufunika kuifufuzabe. Ndinadziuza kuti akafunsa ndidzatumiza. Palibe anafunsa, ndipo ine ndinapuma.

2001: A Gondwe

Chaka chotsatira ntchito inachepa ndipo kampani inayamba kudula anthu. Pachipata panafunika kuchoka munthu mmodzi mwa atatufe. A Mwale ananditsina khutu kuti a Gondwe, woyang'anira antchito kulikulu, akubwera ndipo atenga lipoti langa. Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Lipotilo linali litachoka m'manja mwa ogula makina n'kukagwera m'manja mwa odula anthu, ndipo munthu wa ku Lilongwe sakanadziwa kuti Nankhoma wa papepalapo ndi bokosi lachitsulo. Iye akanawerenga kuti mayi wokalamba anapatsidwa makina atsopano a nambala yaikulu, koma akupitidwa ndi mtsikana wa makina akale. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa tsamba lachitatu lija n'kuliika m'thumba la jekete. Ndikulumbira kuti ndinachoka kunyumba nditatsimikiza zokalipereka.

A Gondwe anali munthu woonda, waulemu, wosakweza mawu. Anandiitana m'chipinda cha a Mwale, lipoti lili patebulo, atalemba mzere wofiira pansi pa dzina la amayi. Anayamba ndi kundiyamikira kuti lipoti langa ndi laukhondo. Kenako anati:

"A Tembo, inu ndiye katswiri wathu. Pakati pa 300 ndi 266, yothamanga ndi iti?"

"Pa nambala, bwana, 300 ndiyo yaikulu."

"Ndikufunsa chifukwa kalata yoti tigule makina amenewa munasaina ndinu, ndipo tinagula ambiri. Ngati vuto ndi makina, mundiuze lero, ndidziwe woti ndilankhule naye. Ngati makina ali bwino, ndiye kuti nkhani ndi ya zala."

A Mwale anaweramira pansi. Loweruka lija analipo, anaona zonse ndi maso awo, koma ankadikira kuti ndiyambe ine. Pepala lija ndinkalimva pachifuwa. Dzanja linanyamuka ndithu mpaka pa batani la jekete. Pamenepo ndinaona shedi ya ku Mavwere, ndinamva dzina langa likuwerengedwa, ndinaona mayi anu atanyamula khasu la eni. Iwe Limbani unali Sitandade 1, Tadala ali kumsana. Dzanja linabwerera pabondo.

"Makina ali bwino, bwana."

Mawu anayi okha. A Gondwe anagwedeza mutu, anatseka fayilo, anafunsa komwe angapeze chakudya chabwino pa Boma. Mwina ndikananena zoona akanangondikalipira. Mwina akanandichotsa. Sindidzadziwa, chifukwa sindinayese, ndipo kusadziwa kumeneko kwandidya zaka zonsezi.

Kalata ya Mayi Nankhoma inabwera kumapeto kwa mwezi womwewo. Inati akupumitsidwa chifukwa cholephera kuyenda ndi makina amakono. Anaiwerenga kawiri, anaipinda bwinobwino, anatenga lula yawo, kapu yawo ndi kansalu kamene anasokera kompyuta ija. Doris analira. Ine ndinadzipatsa ntchito yomasula pulinta imene inalibe vuto lililonse. Atafika pakhomo anatembenuka.

"A Tembo, Loweruka lija munalilemba?"

"Ndinalilemba, amayi."

Sindinaname, ndinalilembadi. Ndilo bodza loipa kwambiri limene ndinanenapo, chifukwa mawu ake onse anali oona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati zikomo, n'kupita kukakwera minibasi.

2002: Njala

Za njala ya chaka chimenecho aliyense wa msinkhu wanga ali ndi zake zokamba. Anthu ankadya gaga, ankadya zitsa za nthochi, chimanga chinkabedwa m'munda chisanakhwime. Inu munadya. Simunadye bwino, koma munadya tsiku lililonse, chifukwa bambo anu anali pa ntchito. Za Mayi Nankhoma ndinkamva kwa anthu a ku Ludzi obwera kumsika. Anabwerera kumudzi mochedwa, nthawi yobzala itadutsa. Ndalama zawo zopumira zinathera m'matumba a chimanga. Mwana wawo wotsiriza, Agnesi, mtsikana wanzeru amene ankafuna unamwino, anasiya sukulu ali Fomu 3, ndipo chaka chisanathe anakwatiwa ndi munthu wina wogula mtedza, wamkulu kwa iye kutalitali. Ndinamva zonsezi. Kamodzi ndinawatumizira ndowa ya chimanga osanena kuti yachokera kwa ndani, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkadziona ngati munthu wabwino.

Celeron ija inapatsidwa kwa ine. Ndinaigwiritsa ntchito miyezi itatu, ndinalephera kupirira, ndinalembera kulikulu kuti yakalamba. Anandigulira ina osafunsa mafunso.

2003 mpaka 2006: Pa Boma

Kampani inatsegula ofesi ina pa Boma ndipo anandisamutsira kumeneko, nditakwezedwa. Apa ndi pamene dzina langa linamveka. Aphunzitsi, eni magolosale, anthu a mabungwe, onse ankabwera kudzafunsa asanagule, ndipo tsopano ndinkadziwadi. Ndinkawauza kuti Duron ya 700 imasiya m'mbuyo Celeron ya 700 pa ntchito zambiri, koma imafuna fani yabwino ndi magetsi okhazikika, ndiye kwa munthu wa kumudzi wa jenereta ndi fumbi nthawi zina yofatsayo ndiyo imakhalitsa. Pambuyo pake kunabwera Sempron ndi Celeron D, nkhani n'kukhala yomweyo, wina nambala yaikulu, wina ntchito yambiri. Munthu akabwera ataloweza nambala ndinkapsa mtima kuposa muyeso, ena mpaka ankadabwa kuti awa akwiyiranji. Poyesa makina ndinkakhazika munthu mmodzi yemweyo pa onse, ndipo sindinalembenso dzina la munthu pa kompyuta. Nzeru zonsezi zinali zabwino, koma wozilipira anali atalipira kale.

Mu 2006 ndinadwala kwambiri, ndinagona m'chipatala masabata atatu. Nditatuluka ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Ludzi. Ndinawapeza amayi pakhonde akusenda mtedza, atachepa thupi, magalasi omangidwa ndi ulusi. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, anafunsa za inu mmodzimmodzi ndi mayina anu. Ndinazungulira nkhani mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako ndinanena zonse, za kashe, za tsamba lachitatu, za mawu anayi aja. Sanasiye kusenda. Nditamaliza anati anadziwa tsiku lomwe lija pakhomo, chifukwa ndinawayankha ndikuyang'ana zala zanga, monga ndinkachitira ndikalakwitsa fomu. Ndinapempha kuti andikhululukire. Iwo anati:

"Za ine zisiyeni, a Tembo, ndakalamba. Nkhani ndi Agnesi. Iye amati ndinachotsedwa chifukwa cha chidodo, ndipo chidodo changa ndicho chinamulanda sukulu. Kalata ija anaiwerenga. Ndinamuuza kuti anali makina, anati ndikunamizira chitsulo. Zaka zinayi tsopano amandipatsa moni ngati mlendo. Akamva kwa inu akhulupirira. Pitani mukamuuze."

Ndinalonjeza. Anandifotokozera kumene Agnesi ankakhala, chakumalire, ulendo wosakwana maola awiri. Ndinabwerera mtima utapepuka ngati ndamaliza kale ntchitoyo. Kuulula kwa mayi wokalamba amene ankadziwa kale kunali kosavuta. Kuimirira pamaso pa mtsikana amene ndinamudyera tsogolo inali nkhani ina. Ndinati ndipita mvula ikatha. Mvula itatha ndinati ndipita akakolola. Kawiri ndinafika mpaka pa siteji n'kubwerera. Amayi anatumiza uthenga kamodzi kudzera kwa katekisiti wina, wongofunsa ngati ndinayenda bwino ulendo uja. Ndinayankha kuti posachedwa.

2009: Ludzi

Mayi Nankhoma anamwalira m'nyengo yozizira. Ndinapita ku maliro ndi a Mwale, amene nawonso anali atapuma ntchito. M'njira monse tinakamba za mitengo ya feteleza. Anthu anali ambiri, amayi a mpingo anaimba bwino. Titachoka kumanda, ndili pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala amuna, kunabwera mzimayi wovala chitenje chakuda, mwana kumsana, wina akumugwira chovala. Ndinamuzindikira chifukwa cha chipumi cha mayi ake. Anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, maso ali otupa.

"Ndinu a Tembo? Ine ndine Agnesi. Amayi akudwala ankanena kuti muli ndi uthenga wanga. Ananena katatu. Tsiku lomaliza anandifunsa ngati munabwera, ndinati ayi, anangotembenukira kukhoma. Ndi uthenga wanji, bambo?"

Amuna onse pamphasa anatchera khutu. A Mwale anayamba kufunafuna chinachake m'thumba. Ndinayang'ana nkhope ya mtsikanayo, yotopa, ya munthu wa zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa koma yooneka ngati ya zaka makumi anayi, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti:

"Ankati ulimbe mtima, mwanawe. Ulere bwino ana."

Anadikira pang'ono ngati pali zina. Ataona kuti palibe, anawomba m'manja, anathokoza kuti ndabwera kudzaika mayi ake, n'kubwerera kwa azimayi.

Ndinagwira ntchito zaka zina zisanu, ndinapuma mwaulemu, anandipatsa wotchi ndi satifiketi. Inu munaphunzira, Limbani uli ndi ofesi yakoyako, Tadala ndiwe namwino. Agnesi akadali moyo, amagulitsa mtedza wokazinga kumene amaima malole, ndipo mpaka lero amadziwa kuti mayi ake anali achidodo. Uthenga umene amayi anandipatsa si uja ndinanena pansi pa mango. Ndi uwu mwawerengawu, ndipo mwini wake sanaulandirebe. Miyendo yanga tsopano siyendanso. Limbani, uli ndi galimoto. Ubwere udzanditenge, ndipo ndikayamba kunena za mvula, usandimvere.